A Radhi ndi Njinga Yamoto ya Mwana Wawo

Ku Jidhafs, mudzi wa pafupi ndi mzinda wa Manama, kunalibe munthu amene sankawadziwa a Radhi Makki, ndipo ambiri anawadziwa chifukwa tsiku lina anadzudzulidwapo nawo. Wina chinali chifukwa cha makwerero otsamiritsidwa molakwika pakhoma, wina chifukwa cha mwana wokhazikidwa kutsogolo m'galimoto wopanda lamba. Sankakalipa ayi. Ankangoima pafupi, manja kumbuyo, n'kunena mofatsa kuti, "M'bale wanga, chimenecho chidzakupweteka," ndipo sankachoka mpaka munthuyo atakonza.

Ntchito yawo ya moyo wonse inali yomweyo. Analowa pafakitale yosungunula aluminiyamu ndevu zisanamere bwino, ndipo ali atsopano choncho, mnzawo amene ankadya naye mbale imodzi anaduka dzanja m'makina iwo akuona. Kuyambira pamenepo chinthu chilichonse ankachiyang'ana ngati chikufuna kuluma munthu. Mabwana ataona mtima umenewu anawatumiza kukaphunzira, n'kuwaika kuti aziyang'anira chitetezo cha anzawo pantchito. Anakhala paudindowo mpaka imvi zitadzaza mutu.

Atapuma ntchito, nyumba ndiyo inasanduka fakitale. M'mawa uliwonse ankalowa kukhitchini kukanunkhiza paipi ya gasi, masana n'kumazula mapulagi, madzulo n'kumayeza ngati zitseko zatsekeka. Akazi awo, a Nooriya, anapirira miyezi ingapo kenako zinawakwana.

"Bambo a Mahdi, ndakhala ndikuphika pa gasi ameneyu zaka zonsezi inu muli kuntchito, ndipo nyumba sinapse. Pitani kumsika wa nsomba. Pitani mukamwe tiyi ndi anzanu. Pitani kulikonse, koma kukhitchini kwanga kuno tulukani."

Ankapitadi, koma kumsika ankabwerako dzuwa lisanakwere, ndipo anzawo akumalo omwera tiyi ankangokamba za matenda a shuga ndi za amene wamwalira. Masiku anatalika. Mahdi, mwana wawo wamkulu, anali pabanja pake ku Riffa ndipo ankabwera Lachisanu lokha. M'nyumba munatsala Kawthar, chitsirizira, amene ankagwira ntchito pachipatala china ku Manama, yothandiza anthu othyoka mafupa kuti ayambenso kuyenda ndi kugwira zinthu.

Tsiku lina a Radhi anamva madzi akudontha kuchipinda kwa Kawthar. Anakwera pampando kuti aone makina oziziritsa mpweya, ndipo pamwamba pa kabati anaonapo chikwama chachikulu chakuda. Atachitsegula anapeza chisoti cha njinga yamoto, magolovesi, majombo ndi chovala chachikopa chosokedwa pamodzi kuyambira m'khosi mpaka m'miyendo. Anatsika pampandopo atanyamula chisoticho.

Kawthar atabwera kuntchito anapeza chisoticho chili patebulo lodyera, bambo ake atakhala moyang'anizana nacho.

"Ichi n'chandani?"

"N'changa, Ababa."

"Njingayo ili kuti?"

"Imakhala kugalaja ya anzanga. Ndinagula chaka chatha."

A Radhi anatembenukira kwa akazi awo, amene anali kalikiliki kupukuta kapu youma kale. "Inunso mumadziwa?"

"Ndinamuthandiza kusankha mtundu," anatero a Nooriya osatukula mutu.

"Iwe Kawthar, iwe amene tsiku lililonse umagwira anyamata ophwanyika miyendo ndi njinga zomwezi?"

"N'chifukwa chake pamsewu sindikwerapo, Ababa, ngakhale kamodzi. Anyamata amenewo anagundidwa ndi magalimoto, ena anawomba mizati ya magetsi. Ine ndimakwera kubwalo la mpikisano lakuchipululu kuja, masiku amene amatsegulira anthu wamba. Kulibe galimoto, kulibe mzati, kulibe mphaka wodutsa. Bwerani mudzaone nokha. Mukapeza cholakwika chimodzi chokha, mundiuze."

A Radhi anakhala masiku angapo osamulankhula mwanayo, akungomupatsira mbale patebulo mwakachetechete. Koma mawu akuti "mukapeza cholakwika" anawakhala pamtima, pakuti kupeza zolakwika ndiyo inali mphatso yawo. Loweruka lina nyengo yozizira itayamba, anavala mkanjo wawo woyera n'kulowa m'galimoto ya Kawthar, atatsimikiza mumtima kuti akabwera naye kunyumba dzuwa lisanafike pamutu.

Anafika kubwaloko m'mawa, mphepo yachipululu ikuluma makutu. M'magalaja aataliatali oyang'ana kumsewu wa mpikisanowo munali anthu amitundu yosiyanasiyana, ena akutsitsa njinga m'ngolo, ena atagwada pansi akuyeza mpweya wa matayala. A Radhi anayamba kuzungulira, manja kumbuyo. Anapeza bambo wina akuunika njinga iliyonse isanaloledwe kulowa: ankafinya mabuleki, kugwedeza tcheni, kusisita matayala, kusuzumira pansi ngati oyilo akudontha. Mnyamata wina wa njinga yonyezimira anabwezedwa chifukwa tayala lakumbuyo linali litatha. Anadandaula, anachonderera, anatchula mayina a abale ake odziwika, koma wounikayo anangoti, "Kasinthe tayala, ubwerenso." A Radhi anapezeka akugwedeza mutu movomereza, ndipo atazindikira anasiya msanga.

Kenako okwera onse anaitanidwa m'chipinda china. Amene ankalankhula anali Elias, mphunzitsi wamkulu, munthu wa ku Lebanoni wamfupi, wadazi, woyenda motsimphina pang'ono.

"Pano si pampikisano," anatero. "Madzulo ano palibe amene alandire chikho. Wopambana ndi amene akweze njinga yake m'ngolo ili yathunthu n'kukadya chakudya kwa mkazi wake. Mbendera yachikasu, chepetsani liwiro, osapitirira mnzanu. Yofiira, nonse mubwerere kuno pang'onopang'ono. Mukafuna kutuluka mumsewu, kwezani dzanja lamanzere kuti wakumbuyo adziwe. Ndipo mverani ichi: mnzanu akagwa, musaime. Ngakhale ndi m'bale wanu wa bere limodzi, musaime. Mukaima, wobwera kumbuyo akuwombani, ovulala n'kukhala atatu. Tili ndi anthu pakona iliyonse, tili ndi ambulansi. Ntchito imeneyo ndi yawo."

A Radhi anali ataphunzitsa lamulo ngati lomwelo kufakitale kwa zaka zambiri, loti munthu asathamangire m'chipinda cha utsi kukapulumutsa mnzake, ndipo ankadziwa mmene limavutira kulowa m'mitu ya anthu. Anamuyang'ana Elias mwaulemu.

Gulu la Kawthar litalowa, iwo anakaima pakhoma lotchinga msewu. Njinga zinkadutsa ndi phokoso lomveka m'chifuwa, ndipo onse ankaoneka ofanana m'zisoti zawo. Pomwe ankavutika kuti mwana wawo ndi uti, Elias anawaima pambali, n'kuwatchula ndi dzina laulemu loti Haji.

"Haji, wanu ndi uyo wachisoti chobiriwira. Taonani mmene akulowera pakona. Sathamangira, sachita makani ndi njinga. Akanakhala onse ngati iyeyu, bwenzi tsitsi langa lilipo."

"Ndabwera kudzamutenga," anatero a Radhi.

"Ndadziwa. Abambo ambiri amabwerera zomwezo." Elias anaseka. "Inu munakwerapo njinga?"

Anakwerapo. Kalekale, minda ya kanjedza isanadulidwe kuti pamangidwe nyumba, bambo awo anali ndi kanjinga kamoto kakang'ono, ndipo iwo ankanyamulirapo masamba ndi mabiringanya kupita nazo kumsika ku Manama. Anakasiya atayamba ntchito, ndipo sanakaganizirenso. Koma ataima pakhomapo anakumbukira mphepo ya m'mawa ikulowa m'malaya, ndi fungo la timbewu tonunkhira tomangidwa kumbuyo.

"Mwezi wamawa tili ndi tsiku la oyamba kumene," anatero Elias. "Njinga zazing'ono timabwereketsa, zovalanso. Mukufuna kudziwa ngati mwana wanu ali pabwino? Kukhoma kuno simungadziwe."

Pobwerera kunyumba Kawthar anafunsa, "Nanga cholakwika mwachipeza?"

"Chozimitsira moto cha pagalaja yachitatu chabisika kuseri kwa matayala," anayankha a Radhi. Atayenda kamtunda anati, "Chiphaso changa chakale choyendetsera njinga chija, ungandithandize kuchikonzetsanso?"

Masabata otsatirawa Kawthar ankawatengera pabwalo lina lopanda magalimoto, kumene anakumbutsa manja awo za kilatchi ndi magiya. A Nooriya atamva sanakhulupirire mpaka tsiku limene chovala chachikopa chobwereka chinabwera kunyumba kuti achiyeze. Miyendo inalowa, mikono inalowa, koma zipi itafika pamimba inakana. Kawthar ankakoka, bambo ake atapuma mpweya wonse, nkhope itafiira.

"Mpunga wanga wonse uja ndi umenewu," anatero a Nooriya atagwira chitseko ndi kuseka. "Bambo a Mahdi, mukuoneka ngati nsomba yokulunga m'pepala."

Tsiku la oyamba kumene linafika. M'gululo munali achinyamata ambiri, ndi bambo mmodzi wamsinkhu wa a Radhi, wonenepa kuposa iwo, amene anabwera kudzawagwira chanza asanavule n'komwe magolovesi.

"Medhat, dokotala wa mano, wa ku Alexandria. Mulungu atamandike kuti mwabwera, achimwene, ndimaopa kuti nkhalamba ndikhala ndekha. Mkazi wanga ndamuuza kuti ndili kumsonkhano wa madokotala."

"Bodza si labwino, adokotala."

"N'zoona. Koma mukanamudziwa mkazi wanga, bwenzi mukundithandiza kulikonza."

Elias anabwera ndi tepi n'kumata magalasi oonera kumbuyo a njinga zawo. A Radhi anadodoma. Moyo wawo wonse ankauza anthu kuti aziyang'ana kumbuyo.

"Nanga wobwera kumbuyoyo ndimuona bwanji?"

"Simumuona, Haji. Iyeyo ndiye akuonani, ndipo kukupewani ndi ntchito yake. Yanu ili kutsogolo basi."

Analowa mumsewu atandondozana kumbuyo kwa Elias ngati anapiye. Msewuwo unali wotakata kuposa mmene unkaonekera kukhoma, wosalala, wopanda mzere pakati. Pakona yoyamba mikono ya a Radhi inauma gwa, maso ali pa timiyala tothiridwa kunja kwa msewu, ndipo njinga inayamba kulowera komweko. Anafinya buleki, n'kukhota movutikira ngati akukankha ngolo. Achinyamata aja anawapitirira mmodzimmodzi pamalo owongoka. Ngakhale Medhat anawadutsa, atakhala chilili ngati ali pabulu.

Atabwerera kugalaja Elias anawakokera pambali. "Njinga imapita kumene maso anu akuyang'ana. Mukayang'ana timiyala, mukagona pa timiyala. Tembenuzani mutu wonse, muyang'ane kumene kona ikuthera. Ndipo chiwongolerocho musachikanyange, sichikuthawani. Gwirani njinga ndi mawondo, manja akhale omasuka."

Ulendo wachiwiri anayesa. Zinali zotsutsana ndi thupi lawo lonse, kusiya kuyang'ana choopsa n'kuyang'ana njira. Koma pakona ina yaitali yokhotera kumanzere anatembenuza mutu monga anauzidwira, ndipo njinga inapendekeka yokha, mofewa, n'kuwatulutsa mbali inayo ngati yawanyamula m'manja. Anamva mawu achilendo m'chisoti, ndipo anazindikira kuti ndi iwo amene akuseka.

Masana, atabwera kopemphera, Kawthar anawapatsa kapu ya tiyi wamkaka. Poilandira, tiyi anawatayikira pa majombo.

"Ababa, muli bwino?"

"Mwana wanga," anatero atakhala pa bokosi la zipangizo, "nthawi yonse imene ndinali mmenemo sindinaganizire za gasi, kapena za Mahdi pamsewu wa ku Riffa, ngakhale za iwe. Mutu unangokhala zii. Sindikumbuka kuti zimenezi zinandichitikira liti."

Kawthar anangowalanda kapuyo n'kuwagwirizira kuti amwe.

Nyengo yozizira imeneyo sanaphonye tsiku lililonse lotsegulira anthu wamba. Anagula njinga yaing'ono yogwiritsidwapo kale ntchito, ndi chovala chowakwana pamimba. Anaphunzira kuti matayala ozizira sagwira msewu, choncho poyamba munthu amayenda mofatsa kuti atenthe. Anaphunzira kumaliza kumanga buleki njinga isanapendekeke, ndi kumwa madzi ngakhale ludzu palibe. Ankafika oyamba, ankafunsa mafunso ambiri kuposa wina aliyense, ndipo ankakhala omalizira pagulu lonse. Iwo ndi Medhat ankagawana galaja imodzi, botolo la khofi limodzi ndi zipatso za kanjedza, n'kumanyozana tsiku lonse.

"Haji, ndinakuonani pamalo owongoka paja. Ndimayesa mwaima kuti mupemphere."

"Inu adokotala, njinga yanu ikamakhota imalira ngati wodwala wanu."

Tsoka linabwera chakumapeto kwa nyengoyo, ndipo a Radhi sanalikankhire kwa wina aliyense. Tsiku limenelo kwa nthawi yoyamba anamupitirira Medhat, ndipo mtima unawakwera. Atadya chamasana analowanso mumsewu, n'kuiwala zoti matayala azizira. Ankafuna kuti dokotalayo asawapezenso. Anafika pakona ina yakuthwa ali ndi liwiro loposa limene analizolowera, mantha anawagwira, maso anathamangira ku timiyala, dzanja n'kufinya buleki yakutsogolo njinga itapendekeka kale. Tayala linaterereka. Anamva phewa likumenya pansi, kenako thambo ndi msewu zikusinthana, kenako fumbi.

Atagona chagada pa timiyalapo anaona Medhat akudutsa, mutu utatembenukira kwa iwo, koma osaima. "Wachita bwino," anaganiza motero, ululu usanafike. Anthu a pakonapo anali atafika kale. Wina anawagwira chisoti kuti mutu usagwedezeke, wina ankawafunsa dzina lawo ndi la tsikulo.

Kawthar anali kugalaja pamene mbendera yofiira inakwezedwa. Anawerenga njinga zikubwerera, ndipo ya bambo ake panalibe. Medhat anatsika panjinga yake osaimika bwino, anavula chisoti nkhope yonse ili misozi.

"Ndawasiya, mwana wanga. Ndawaona ali pansi ndipo ndawasiya."

"Ndi mmene amafunira, amalume. Akugwedezeka?"

"Anakweza dzanja."

"Ndiye tiyeni."

Kuchipatala anapeza kuti fupa la pakati pa khosi ndi phewa lathyoka, nthiti zili zopweteka koma zathunthu. Dokotala ataona chisoti chopalika mbali imodzi ndi chikopa chodyeka paphewa, anati zikanakhala za pamsewu wa magalimoto bwenzi akukamba nkhani ina. Medhat anakhala nawo mpaka anatulutsidwa, atamuimbira mkazi wake n'kuulula zonse ali pakhonde la chipatala. Elias anakweza njinga yophwanyikayo m'ngolo yake, ndipo anyamata a m'gulu lawo, amene a Radhi sankawadziwa n'komwe mayina onse, anasonkhanitsa katundu wawo n'kukamusiya kunyumba.

A Nooriya analandira amuna awo pakhomo, a Radhiwo mkono uli m'nsalu yokoleka m'khosi. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwana amene munapita kukamuteteza ali bwinobwino. Wothyoka ndinu."

"Ndi ine, mayi a Mahdi."

"Lowani, musandiimire pakhomo ngati mlendo." Mawu anali aukali, koma anawagwira m'chiuno n'kuwakweza masitepe.

Nkhani inafalikira Jidhafs yonse. Anthu amene a Radhi anawadzudzulapo anabwera kudzazonda odwala atanyamula zipatso ndi chakudya chotsekemera chotchedwa halwa, aliyense ali ndi mawu amene anawasungira. Wogulitsa nyama, amene anauzidwapo kangapo za mawaya a firiji yake, anakhala pamphasa, n'kumwa khofi wake mwaulemu, kenako anati, "M'bale wanga, chimenechotu chinakupwetekani." Chipinda chonse chinaphulika ndi kuseka, ndipo a Radhi anaseka nawo atagwira nthiti, akuchonderera kuti asiye. Anadabwa kuona kuti anthu omwewa, amene kale ankawapatsa moni mwamsangamsanga n'kudutsa, tsopano ankakhalitsa mpaka khofi kutha.

Fupa litagwirana, ntchito inatsala kwa Kawthar. Madzulo aliwonse akaweruka ankawaimika moyang'ana khoma kuti ayendetse zala kukwera m'mwamba, pang'onopang'ono, mpaka pamene phewa lakanira.

"Pakwana, mwana wanga."

"Sipanakwane. Kwezaninso pang'ono."

"Odwala ako umawazunza chonchi?"

"Iwo samandiyankha. Kwezani, Ababa."

Ankakweza, thukuta lili chuchuchu. Apa m'pamene anaona koyamba mmene mwana wawo amagwirira ntchito: manja olimba, odziwa pamene ululu uli wothandiza ndi pamene uli wowononga. Tsiku lina ali mkati mwa zimenezi anati, "Kawthar, anthu amene umawathandiza aja ali ndi mwayi." Mtsikanayo anayang'ana kumbali kanthawi, kenako anawauza kuti asazembe ntchito ndi mawu okoma.

Chilimwe chonse bwalo linali lotsekera anthu wamba chifukwa cha kutentha. Elias anakonza njinga ija pang'onopang'ono, ndipo nyengo itayamba kuzizira anatumiza uthenga woti yatha. Asanayankhe uthengawo, a Radhi anakapeza akazi awo akusankha mpunga, n'kukhala pafupi.

"Mayi a Mahdi, mukanena kuti ndisabwerereko, sindibwererako. Ndikunena zoona."

A Nooriya anapitiriza kusankha mpungawo. "Tsiku lija Kawthar ataimba foni, miyendo inandithera. Sindikufuna kudzamvanso zotero. Koma ndinakuonaninso mmene munalili musanayambe zimenezi. Munkangozungulira m'nyumba muno ngati munthu wodikira uthenga wa maliro. Pitani. Koma mukayambanso kupikisana ndi dokotala wa manoyo, phewa linalo ndithyola ndine."

Anabwerera. Ulendo woyamba pakona imene anagwera paja thupi lonse linauma, ndipo anadutsapo pang'onopang'ono moti munthu wothamanga akanawapeza. Elias anawatsogolera kangapo, akuwalozera ndi dzanja poyang'ana, mpaka mantha anachepa. Sanatheretu, ndipo a Radhi ankati ndi bwino choncho.

Papita zaka zingapo tsopano. Kawthar anakwera kufika m'gulu la othamanga kwambiri, kenako anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Muharraq amene njinga amaiopa ngati moto, koma amabwera kudzamugwirira ambulera. Achinyamata amene anayamba limodzi ndi a Radhi anapita m'magulu apamwamba, ena anasiya. Iwo akadali m'gulu la oyamba kumene. Elias anawauzapo kuti akhoza kukwera gulu lapakati, koma anakana, ati kumene ali kukuwakwanira. Akaona munthu watsopano ataima yekha pakhomo la galaja, chisoti m'manja, nkhope ili yotuwa, amapita kukamupatsa khofi n'kumufunsa dzina. Akafunsidwa malangizo amanena zochepa, n'kumutumiza kwa Elias.

Chaka chatha Medhat anatseka chipatala chake cha mano kuti abwerere kwawo ku Alexandria, kumene ana ake anakhazikika. Tsiku lake lomaliza kubwaloko linali lomalizanso la nyengoyo. M'mawa anakwera bwino, koma chakumasana kumpoto kunachita mdima wofiirira, mphepo ya fumbi n'kuyamba kuwomba, mchenga ukuyenda pamsewu ngati madzi. Oyang'anira anakweza mbendera yofiira n'kulengeza kuti kukwera kwathera pomwepo.

Anthu anatsitsa zitseko za magalaja n'kusonkhana m'galaja imodzi. A Nooriya anali atatumiza mphika waukulu wa mpunga wa nsomba wotsanzikira dokotalayo, ndipo anauyala pansi pakati pa njinga. Anakhala mozungulira, zovala zachikopa zitavulidwa mpaka m'chiuno, akudya ndi manja, mchenga ukuwomba chitseko. Medhat anaimirira kuti alankhule, koma atangoti "Abale anga," mawu anamuthawa, ndipo anakhalanso pansi akupukuta m'maso ndi mkono.

"Onani," anatero a Radhi, "munthu uyu wakhala akulankhula osapuma chifikireni kuno, lero lokha ndiye wasowa chonena."

"Ndi tsabola wa akazi anu, Haji."

"Mulibe tsabola mmenemo."

Onse anaseka. A Radhi anatenga nsomba yaikulu imene inatsala n'kuiika mbali ya Medhat, ndipo anayang'ana anthu amene anakhala nawo: mphunzitsi wotsimphina, mwana wawo akukangana ndi mwamuna wake za botolo la madzi, anyamata a mitundu inayi kapena isanu akulimbirana mpunga wopserera wa pansi pa mphika. Anathokoza Mulungu chamumtima kuti anawasungira anthu amenewa mpaka ukalamba.

Fumbi litachepa, anathandizana kukweza njinga m'ngolo. Ya Medhat inali itagulidwa kale ndi mtsikana wina wa ku Isa Town amene ankati ayamba nyengo yotsatira, ndipo a Radhi analonjeza kuti akaisunga kugalaja kwawo mpaka mwini wake adzaitenge. Anaimanga ndi zingwe pambali pa yawo, anakumbatirana ndi dokotalayo nthawi yaitali, kenako aliyense analowa m'galimoto yake, nyale zoyaka chifukwa cha fumbi, n'kulowera kumpoto.